Dzinja lafika, galu wanu ali pachingwe chotani?

Mvula ikayamba ku Mzimba aliyense amadziwa chochita. Abambo amakwera padenga kukatseka modontha, amayi amathamangira kumunda ndi mbewu, anyamata amasaka zingwe zomangira mbuzi kuti zisakadye mmera wa eni. Ng'ombe amazikonzera khola, nkhuku nazo amazipezera pousa. Koma pali chiweto chimodzi chomwe chimapezeka pamakomo ambiri, chonsecho n'ochepa amene amachiganizira dzinja likafika. Chiwetocho ndi galu, kapena titi ntchewe monga amanenera eni dera.

Yendani m'mawa mvula itagwa usiku wonse, kaya ndi pa boma, pa Jenda kapena pa Embangweni, mudzaona agalu a mitundu iwiri. Ena ali balala m'misika, kufukula m'maenje a zinyalala ndi kulimbirana mafupa kuseri kwa mabutchala, ana a sukulu akudutsa pomwepo. Ena ali kumakomo, omangidwa patsinde pa mango ndi waya kapena tcheni chachifupi ngati mkono, ali zyoli m'matope, akunjenjemera, khosi litanyuka. Agalu onsewa ali ndi eni ake, ndipo eni akewo onse alakwitsa. Woyambayo wangomutayirira galu, wachiwiriyo wamumanga n'kumuiwala.

Ife tikuti galu aliyense aphunzitsidwe kuyenda pachingwe, chingwecho chikhale choyenera, ndipo mwini wake azituluka naye tsiku ndi tsiku, m'dzinja ndi m'chilimwe momwe. Tikudziwa kuti ena aseka, ati kuyenda ndi galu pachingwe n'zachizungu, n'za anthu a ku Area 10 ku Lilongwe omwe alibe munda woti akalime. Asanaseke, ayambe amva chifukwa chake. Nkhaniyi ikukhudza moyo wa ana athu, chifukwa m'malovu a galu ndi momwe mumayenda matenda a chiwewe.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri mwa iwo a ku Africa ndi ku Asia. Mwa anthu 100 alionse odwala chiwewe, mpaka 99 amachitenga kwa galu, ndipo mwa anthu 10 alionse ophedwa ndi matendawa, pafupifupi anayi amakhala ana osakwana zaka 15. Zifukwa zake n'zodziwikiratu. Mwana ndiye amasewera ndi agalu, ndiye amawagenda, ndipo poti ndi wamfupi galu amamuluma kumaso kapena pakhosi, pafupi ndi ubongo kumene kachilomboka kamathamangira. Mwana amathanso kubisa bala poopa kukalipiridwa. Zizindikiro zimatha kuoneka patatha mwezi umodzi, iwiri kapena itatu, ndipo munthu akangoyamba kuopa madzi, kubwebweta ndi kutuluka dovu, madokotala sachitanso kanthu.

Matendawa ali pakati pathu kuposa mmene timaganizira. Kafukufuku yemwe adachitika pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, n'kusindikizidwa mu 2007, adapeza kuti mwa ana 133 omwe adamwalira ndi matenda okhudza ubongo, 14 adafa ndi chiwewe. Mwa ana 26 omwe poyamba ankaganiziridwa kuti adafa ndi malungo a muubongo, atatu adapezeka kuti chidali chiwewe. Ngati izi zidachitika pachipatala chachikulu chotere, nanga kumidzi komwe mwana amamwalirira panyumba, anthu n'kumati walodzedwa, taika angati osadziwa chidawapha?

Chiwewe chilibe nyengo, koma dzinja limakulitsa vutoli m'njira ziwiri. Yoyamba ndi njala. Mu Januwale ndi Febuluwale nkhokwe zambiri zimakhala zitagona, ndipo pakhomo pomwe nsima ikuperewera ana, galu saona ngakhale mkute. Akatero amanyamuka kukadzisakira yekha kumsika, kudzala ndi kutchire, komwe amakumana ndi agalu anzake osadziwika kochokera komanso nkhandwe, maka m'midzi yoyandikana ndi nkhalango monga ya Perekezi ndi ya Chikangawa. Akamenyana kumeneko amabwera madzulo ndi kabala kakang'ono komwe palibe angakaone, n'kukagona pakhonde pomwe ana amasewera.

Njira yachiwiri ndi ulendo wa kuchipatala. Mzimba ndi boma lalikulu kuposa onse m'dziko muno, ndipo kalembera wa 2018 adapeza kuti muli anthu oposa 900,000. Munthu wolumidwa ndi galu ku Khosolo, ku Luwerezi kapena kwa Mabulabo ali ndi mtunda woti ayende, pakuti katemera wa anthu olumidwa sapezeka pachipatala chaching'ono chilichonse. Katemerayu sabaya kamodzi, munthu amabwererako maulendo angapo pamasiku oikika. M'dzinja misewu yafumbi imasanduka phala, mitsinje imadzaza, a kabaza amakweza mtengo, pomwe ndalama zapakhomo zathera feteleza ndi fizi. Banja likawerengera zonsezi limati tiyeni tingoona kaye, balalo lipola lokha. Bala limapoladi, koma kachilombo kali m'kati.

Tsono chingwe chikulowapo bwanji? Akatswiri amati agalu 70 mwa 100 alionse m'dera akabayidwa katemera chaka ndi chaka, chiwewe chimasowa podutsira ndipo chimazilala. Zimenezi zidaonekapo kale m'dziko muno. Mu 2015 bungwe la Mission Rabies, mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za ziweto, lidabaya agalu oposa 35,000 mumzinda wa Blantyre m'masiku 20 okha ogwira ntchito. Koma ofufuza atafunsa anthu omwe sadapite ndi agalu awo kumalo obayira, chimodzi mwa zifukwa zomwe ankapereka, kupatula kutalika kwa mtunda ndi kusamva uthenga, chidali chakuti galuyo sagwirika.

Amene adaonererapo tsiku la katemera akudziwa chomwe tikunena. Galu yemwe sadavalepo chingwe chibadwire amachiona ngati khwekhwe. Amadzigwetsa pansi, amalumpha, amaluma chingwecho, mwinanso kuluma mwana amene akumukokayo, mapeto ake amapulumuka n'kuthawira kudambo. Galu woteroyo amakhala chaka china osabayidwa, ndipo kawirikawiri ndi yemweyo amene amayendayenda kwambiri. Kuphunzitsa galu chingwe sikuyamba m'mawa wa tsiku la katemera. Kumayamba ali kamwana, pang'onopang'ono, pabwalo pakhomo, ndi kachidutswa ka nsima m'manja.

Chingwe chimagwiranso ntchito ina galu akaluma munthu. A vetenale amafuna kuti galuyo asungidwe pamalo amodzi kwa masiku 10, akudya ndi kumwa, kuti aone ngati asinthe khalidwe. Akatha masikuwo ali bwinobwino, ndiye kuti pomwe ankaluma adalibe kachilomboka m'malovu mwake. Galu wosagwirika sangasungidwe chotere, ndipo anthu akapsa mtima amangomupha n'kumutaya kuchigwembe, umboni wonse n'kuthera pomwepo. Tisaiwalenso kuti chiwewe chikabuka m'dera, malamulo a dziko lino amapereka mphamvu kwa oona za ziweto kulamula kuti agalu onse amangidwe, ndipo opezeka akuyendayenda amatha kuomberedwa. Wokonda galu wake asadikire tsiku limenelo.

Ena amati galu ndi mlonda, nanga akamangidwa alonda bwanji? Funsoli n'lomveka, maka ku Mzimba komwe nyumba zambiri zamalata zidamangidwa ndi ndalama za ku Joni, eni ake ali kutali, pakhomo patatsala mayi ndi ana. Koma tiyeni tinene zoona. Galu yemwe wagona kumsika kapena watsatira galu wamkazi kumudzi wachitatu sakulonda nyumba ya munthu aliyense. Mlonda weniweni ndi amene ali pakhomo. Ngati muli ndi mpanda, mumasuleni usiku m'kati mwa mpandamo, geti lili chitsekere. Ngati mulibe, kokani waya wolimba pakati pa mitengo iwiri, mukolowekepo chingwe chake kuti azitha kuthamanga uku ndi uku kutsogolo kwa nyumba. Kuuwa kwake kudzakudzutsani chimodzimodzi.

Galu womasuka amadanitsanso anthu. Chimanga chikayamba kukhwima, agalu anjala amalowa m'minda n'kumathyola chachiwisi. Amagwira anapiye ndi tiana ta mbuzi. Mwini munda akatopa sapita kwa mfumu, amangotchera tameki m'nyama, ndipo poizoniyo sasankha: amapha galu wolakwayo, wosalakwa, nkhuku, mwinanso kuika pachiswe mwana wotola zinthu pansi. Udani wa mabanja ena udayambira pa galu yemwe akadangomangidwa.

Komatu kumanga galu si kumutaya. Apa ndi pomwe ambiri amene amadzitama kuti agalu awo sayendayenda amalakwira. Galu yemwe amakhala patcheni usana ndi usiku, chaka ndi chaka, osayenda, osanunkhiza kanthu, osazolowera anthu, amasanduka chilombo. Tsiku lomwe tchenicho chidzaduke, kapena mwana wa mnansi adzayandikire potola mpira, ndi tsiku la maliro kapena la mlandu. Kuzunza chiweto n'kulakwiranso malamulo a dziko lino oteteza nyama. Chodabwitsa n'chakuti ife a Malawi kumanga chiweto timakudziwa bwino. Mbuzi ya m'dzinja timaimangira pamsipu, dzuwa likakula timaisunthira pamthunzi, mvula ikalimba timathamanga kukaimasula, madzulo timailowetsa m'khola. N'chifukwa chiyani galu, amene amatilondera mbuziyo, sitimuchitira zomwezo?

Tiyeni tsono tikambe za chingwe chenichenicho. Choyamba, chingwe chisamangidwe mwachindunji pakhosi. Pakhosi pamafunika lamba wophwatalala, wachikopa kapena wansalu yolimba, ndipo lamba wakale wa thalauza kapena wa chikwama wogula pakaunjika amagwira bwino ntchitoyi. Muyeso wake ndi wosavuta: zala zanu ziwiri zizilowa pakati pa lamba ndi khosi. Zikakanika ndiye kuti wathina, dzanja lonse likalowa ndiye kuti galu avula. Kwa kamwana ka galu yesani sabata iliyonse, chifukwa khosi limakula koma lamba sakula. Agalu ambiri a zilonda zozungulira khosi adavekedwa chingwe ali aang'ono, eni ake n'kuiwala.

Waya, kaya ndi wamagetsi kapena wa mabuleki a njinga, asayandikire khosi la galu, chifukwa amacheka ngati mpeni. Mfundo yothina yokha galu akakoka, ngati ya msampha wa kalulu, imapotola khosi ndipo yapha agalu ambiri omwe adalumpha mpanda ali chimangire. Chingwe chakhonje n'chotchipa, koma chikanyowa chimauma gwa, mfundo zake zimathina, kenaka chimaola n'kuduka tsiku lomwe simukuyembekeza. Kachingwe kopyapyala ka nayiloni, konga koyanikira zovala, kamatenthetsa m'manja galu akathamanga mwadzidzidzi. Malegeni amatamuka ndipo galu amawatafuna. Tcheni n'cholimba ndipo chimathandiza kwa galu wokonda kutafuna zingwe, koma chimachita dzimbiri m'dzinja, ndipo cholemera kwambiri si choveka galu wamng'ono.

Choyendera chabwino ndi lamba wansalu yolimba kapena chingwe chokhuthala ngati chala, chotalika mita imodzi ndi theka kapena mamita awiri, chokhala ndi pogwirira kunsonga. Telala aliyense wa pamsika kapena wosoka nsapato atha kukusokerani. Chomangira pakhomo chikhale chachitali, mamita atatu kapena kuposerapo, chokhala ndi kachitsulo kozungulira kaja kuti chisapotane, ndipo chifike pamthunzi, pouma ndi pa madzi akumwa. Galu wokoka kwambiri musokereni chomangira pachifuwa, chodutsa kuseri kwa miyendo yakutsogolo, kuti mphamvu yake isathere pakhosi. Zonsezi mtengo wake sufika pa ulendo umodzi wa kabaza wopita kuchipatala.

Nanga kuyenda naye mvula ikugwa? Akuluakulu adati walira mvula walira matope, ndipo woweta galu wavomera kunyowa. Mvula ya kuno nthawi zambiri imapereka mpata, kaya m'mawa kapena ikangokata madzulo. Mphindi 20 kapena 30 zokha n'zokwanira kuti galu awongole miyendo ndi kudzithandiza kutali ndi pomwe amagona. Sikuti mufunika ulendo wapadera ayi. Popita kudimba, kuchigayo kapena kukaona ng'ombe, mutengeni pachingwe. Ngakhale pa mvumbi wa masiku atatu, kanthawi kochepa kozungulira mudzi n'kabwino kusiyana ndi kumusiya akulira patsinde.

Koma pali nyengo yomwe simuyenera kutuluka. Mabingu akamagunda, inu ndi galu yemwe khalani pansi pa denga. Mphenzi zimapha anthu ndi ziweto m'dziko muno dzinja lililonse, ndipo malo oopsa kwambiri ndi pansi pa mtengo wautali, pomwe ambiri timamangirapo agalu ndi tcheni chachitsulo. Agalu ambiri amaopa mabingu, amadula chingwe n'kuthawa osaona kolowera, choncho mitambo ikada mulowetseni m'khitchini kapena m'khola lake nthawi ikadalipo. Musawoloke naye mtsinje wodzaza poganiza kuti galu amasambira. Madzi othamanga amakokolola galu, ndipo mwini wake pofuna kumupulumutsa amapita nawo.

M'mbali mwa msewu wa M1, monga pa Jenda pomwe malole ndi mabasi amadutsa usana ndi usiku, chingwe chifupikitseni. Yendani kudzanja lamanja moyang'anizana ndi magalimoto akubwera, galu akhale kumbali ya kutchire. Pa mvula kapena pa nkhungu ngati ya ku Chikangawa dalaivala saona patali, ndipo galu wodumphira mumsewu amagwetsa wa njinga yamoto pamodzi ndi amene wamunyamula. Nyengo zinanso zili ndi zake. Mu Okutobala tala amatentha mpaka kuwaula mapazi a galu, ndipo poti galu amadziziziritsa ndi kupuma mwawefuwefu, yendani naye m'mamawa kapena dzuwa litapendeka. Mu Juni ndi Julayi, pomwe Mzimba imazizira zedi, muyalireni chiguduli pamalo osapita mphepo.

Mukabwerako mupukuteni ndi chiguduli chouma, lamba wonyowa mumuvule n'kumuyanika. Pogona pake pakhale pokwera, pofoleredwa, ndipo pazisesedwa tsiku ndi tsiku. Dothi lachinyezi lodetsedwa ndi mkodzo ndi pomwe ntchentche zina zimaikira mazira omwe amasanduka mphutsi zolowa pakhungu, zomwe zimazunza kwambiri tiana ta agalu komanso zimalowa ana athu. Nkhupakupa nazo zimachuluka udzu ukakula, ndipo zimapatsa galu matenda othetsa magazi. Muyang'aneni m'makutu ndi pakati pa zala, ndipo mankhwala ake funsani alangizi a ziweto. Musangotapa dibi wa ng'ombe n'kumuthira mwachisawawa, pakuti safunsa adadya phula.

Makolo, kunena zoona agalu ambiri m'midzi mwathu ndi a ana. Ndiwo amawatcha maina, ndiwo amapita nawo kubusa, ndiwonso timawatuma ku katemera. Aphunzitseni kuti chingwe sakulunga padzanja kapena kumanga m'chiuno, chifukwa galu wamkulu akathamanga amamukhwekhwereza mwanayo. Agalu akayamba kumenyana, mwana asalowetsepo dzanja. Galu akamadya, akagona kapena akamayamwitsa, asamuyandikire. Koposa zonse, mwana adziwe kuti akalumidwa kapena kukandidwa, ngakhale ndi galu wa pakhomo pomwepo, anene msanga ndipo sakwapulidwa.

Ngozi ikachitika, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, osati kungotsira pang'ono. Musamangepo mwamphamvu, musapakepo phulusa, mankhwala azitsamba kapena ubweya wagalu wowotcha. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo ngakhale kunja kukugwa mvula, dziwitsani alangizi a ziweto za galuyo, ndipo mukayamba kulandira katemera malizani masiku onse omwe akuuzani. Musadikire kuti masiku 10 oyang'anira galu aja athe kaye musanaonane ndi dokotala. Katemerayu amagwira ntchito akaperekedwa zizindikiro zisanayambe, monga zidachitikira mu Julayi 1885 pomwe Louis Pasteur wa ku France adapulumutsa mnyamata wa zaka 9, Joseph Meister, yemwe adalumidwa ndi galu wachiwewe.

Mutu umodzi susenza denga. Tikupempha khonsolo ya M'mbelwa ndi oona za ziweto kuti masiku a katemera wa agalu azilengezedwa nthawi ikadalipo, m'matchalitchi, m'misika ndi pawailesi, ndipo malo obayira aziyandikira anthu. Tikupempha Inkosi ya Makosi M'mbelwa V pamodzi ndi mafumu a kummwera kwa bomali, monga Inkosi Mzikubola, Inkosi Mabulabo, Inkosi Mzukuzuku ndi Inkosi Khosolo, kuti pomwe akukumbutsa anthu awo za kumanga mbuzi ndi kuyang'anira ng'ombe m'dzinja, aziwonjezerapo mawu a galu. Mawu a mfumu amafika komwe mlangizi wa ziweto safika. Aphunzitsi nawo atengepo gawo, chifukwa uthenga wouza mwana m'kalasi umakafika pakhomo tsiku lomwelo. Eni mabutchala ndi malesitilanti azikwirira zotsala m'malo mozitaya poyera.

Pa 28 Sepitembala chaka chilichonse, tsiku lomwe Pasteur adamwalira, dziko lapansi limakumbukira za kulimbana ndi chiwewe, ndipo mabungwe a zaumoyo adaika chaka cha 2030 ngati malire oti pasadzapezekenso munthu wofa ndi chiwewe chochokera kwa galu. Malonjezo otere amalembedwa ku Geneva, koma kuti atheke zidalira zomwe zikuchitika pakhomo panu ku Manyamula, ku Edingeni kapena ku Champhira.

Choncho sabata ino ikamatha, tulukani mukamuone galu wanu. Lowetsani zala ziwiri pakhosi pake. Ngati pali waya, dulani lero lomwe. Onani pomwe amagona ngati sipakudontha, funsani pakhomopo kuti adabayidwa liti, ndipo mvula ikakata mutengeni muyende naye mpaka kudimba. Tsiku loyamba adzavuta, lachiwiri adzakoka, koma pakutha pa mwezi adzakhala akukudikirani pakhomo akangomva chingwe chikulira.